Tsiku Limene Amayi Anagwadira Laputopu

Mlongo wanga wondiponda pamutu ndi woyendetsa ndege. Masiku ano ndimanena zimenezi mosavuta, koma kale zinkandivuta, chifukwa kwathu ku Senga Bay ukangoti ndege anthu amaganiza za chindege chija amachiona pa kanema, chokhala ndi atsikana a tizipewa ogawa chakudya. Yake sinali yotero. Kanali kandege ka kampani ina yaing'ono, konyamula alendo okaona nyanja ndi nyama zakutchire, ndipo minibasi ya ku Salima inkanyamula anthu ambiri kuposa iko. Masutikesi a alendo ankanyamula yekha, mafuta ankayang'ana yekha, ngakhale timatumba tosanziramo ankagawa yekha. Ine ndinkamutcha kondakitala wa mumlengalenga, ndipo ankakwiya mpaka makutu kufiira.

Amayi okha ndiwo sankaona chochepa pa kandegeko. Kakamapita kumpoto kankadutsa cha kwathu, mmunsi ndithu, ndipo iwo ankakadziwa ndi kulira kwake kasanaoneke n'komwe. Akangokamva ankasiya usipa pathandala, kumasula chitenje chawo chofiira chapamwamba, n'kuthamangira pabwalo kukakupiza ngati akuzimitsa moto. Akhwangwala a m'dera lathu anazolowera, moti nawonso akamva kandegeko ankadziwa kuti phwando layamba. Usipa umenewo unali wanga, wa geni yanga, ndipo ndinkalalata mpaka mawu kusasa, koma amayi sankamva. Mlongo wanga akabwera kunyumba funso loyamba la amayi linkakhala lakuti, "Unandiona?" Iye ankati anawaona. Ndinkayesa akungowasangalatsa, koma tsiku lina anandiuza kuti zinali zoona, ankaonadi kadontho kofiira kakudumphadumpha pafupi ndi mathandala.

Pa ntchito imeneyi, monga iye ankandifotokozera, kandege kakang'ono n'ngati sukulu ya pulayimale. Umakhalako kuti usonkhanitse maola owuluka, ndipo akachuluka umafunsira ntchito ku makampani akuluakulu, kumene kuli malipiro enieni ndi ndege zoti woyendetsa sanyamula chikwama cha munthu. Anzake amene anayamba nawo limodzi anapita mmodzimmodzi. Ankamutumizira zithunzi ataima pafupi ndi injini zoti munthu angalowemo choimirira. Iye maola anali nawo, mapepala anali nawo, ankafunsira uku ndi uku, koma mayankho ankabwera aulemu okhaokha, omuthokoza chifukwa cha chidwi chake. Imvi zinayamba kusuzumira m'mbali mwa makutu. Ankaopa kwambiri kuti adzakalambira m'kandege kameneko, akuphunzitsa achinyamata amene adzamudutse n'kupita. Sankanena kawirikawiri, koma ine ndinkamumvera chisoni, ngakhale pakamwa panga sipankaleka kumuseka.

Nyengo ya mvula alendo amachepa, ndiye kampani yake inkawauza oyendetsa ena kuti akapume kwawo. Chaka chimenecho anabweza nyumba imene ankachita lendi ku Lilongwe n'kubwera kudzakhala nafe. Munthu wamkulu ndi ndevu zake ankangokhala pakhonde, maso kumwamba, akudya nsomba zanga. Ndiye m'mawa wina ndinamva kukuwa ngati walumidwa ndi chinkhanira. Kampani ina yaikulu ya kunja inali itamuyankha. Inkafuna kucheza naye mlungu womwewo, osati pamaso m'pamaso, koma pa laputopu, iwo ali kwawo iye ali kwathu. Akakhoza pamenepo, adzamuitanira kunja ku mayeso ena.

Zokonzekera ndinazitenga ine, poti mlongo wangayo atha kutera pabwalo la fumbi mphepo ikuwomba, koma kukonza pabalaza sadziwa. Netiweki kwathu imagwira bwino chifukwa cha malo ogona alendo amene tayandikana nawo, makamaka pafupi ndi zenera la pabalaza. Ndinasunthira tebulo pamenepo. Laputopu tinaikhazika pa beseni lovundikira kuti iye asamaoneke ngati akusuzumira m'chitsime. Kumbuyo kwake ndinamanga chingwe n'kupachika nsalu yoyera yapabedi, ndipo zonse zochititsa manyazi ndinazikankhira kuseri kwa nsaluyo: madengu a usipa wouma, njinga yopanda tayala, matumba a makala, ndi zovala zanga zosachapa. Mbuzi ndinakazimangirira kutali, kwa anthu amene sitigwirizana nawo kale.

Madzulo ankayeserera mayankho ake, ine ndili bwana. Ankandipatsa mafunso kuti ndizimuwerengera. Lina linkati afotokoze nthawi imene anasemphana maganizo ndi munthu wovuta, ndi mmene anathetsera nkhaniyo. Ndinamuuza kuti angonena za ine, amupatsa ntchito pompo.

Vuto linayamba pamene tinawafotokozera amayi.

"Ndiye alendowa afika nthawi yanji?" anafunsa.

"Safika, amayi," anatero mlongo wanga. "Akhala ali kwawo. Tizingoonana m'makinamu."

"Azikuona?"

"Azindiona."

"Azikumva?"

"Azindimva."

"Aziona m'nyumba mwanga muno?"

"Nsalu yokhayi basi."

"Ndiye afika," anatero amayi. "Munthu wokuona, wokumva, maso ake ali pabalaza pako, ameneyo wafika. Ndiye mukufuna ine mwini nyumba ndikabisale kukhitchini ngati ndaba mbuzi? Akanene kwawo kuti mwanayu alibe kholo, anangophuka ngati bowa?"

Kwathu mlendo akalowa m'nyumba aliyense amabwera kudzamupatsa moni, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, ndipo wosabwera amakhala kuti wadwala kapena ali ndi chifukwa. Mlongo wanga anawagwira dzanja n'kuwachonderera. Anati mwayi umenewu waudikira zaka, ndipo anthu amenewa amayang'ana chilichonse, ngakhale mmene munthu akuphethirira. Amayi anangoti, "Chabwino." Ine ndinabadwa kale kuposa iye, ndimamudziwa chabwino ameneyo. Madzulo omwewo ndinawaona akulowera kuseri kwa mpanda, kwa azakhali athu, mlongo wa malemu bambo. Azakhaliwo anagwirapo ntchito yoyala mabedi pa malo ena ogona alendo, ndipo kuyambira pamenepo amadziona ngati kazembe wathu kwa azungu onse.

Tsikulo kunacha kotentha, mvula itangolenjekeka osagwa. Mlongo wanga anavala malaya oyera a timizere pamapewa, tayi pakhosi, thukuta lili kamukamu. Ine ndinakhala pakhomo lakumaso ndi kamtengo m'manja, wokonzeka kuthamangitsa nkhuku, galu, kapena mlaliki. Amayi anali phee kukhitchini, phee wokayikitsa. Ndinamva makinawo akulira, kenako mawu achizungu, kenako mlongo wanga akuyankha ndi mawu ena onenepa amene sindinawamvepo chibadwire. Zinkayenda bwino.

Ndiye kunatulukira wakabaza wina, atamangirira sipika pachiwongolero, nyimbo ili pamwamba, n'kuima pansi pa mtengo wathu wa mango kuti apume. Ndinathamangira komweko. Anati msewu si wa bambo anga. Ndinamuuza zina zimene sindingazilembe pano, ndipo anachoka akupalasa choimirira. Pobwerera ndinazungulira kuseri kuti ndione ngati amayi akadali kukhitchini. Pakhomo lakuseri ndinapeza mapatapata a anthu awiri, atavulidwa mwaulemu, atayalidwa bwinobwino.

Ndinalowa monyang'ama n'kusuzumira pabalaza. M'galasi la laputopu munali anthu atatu, aliyense m'kabokosi kake. Wina anali mzungu wa imvi, wovala yunifolomu ya oyendetsa ndege. Wina anali mayi wa magalasi amene ankalemba osadzutsa mutu. Wachitatu anali bambo wakuda ngati ife, wa dziko lina, wachete. Ndipo pansi, pambali pa tebulo, panali amayi, atagwada, chitenje chofiira chili m'chiuno, akuwomba m'manja mwakachetechete. Kumbuyo kwawo azakhali anali atagwadanso, atavala duku la ku ukwati.

"Takulandirani," anatero amayi, maso ali pa laputopu. "Muli bwanji abambo a imvi?"

Mlongo wanga anauma ngati chambo cha pamoto. Mzungu uja anasendera pafupi ndi galasi lake n'kufunsa kuti akulankhulayo ndani. Mlongo wanga akanatha kunena kuti ndi wantchito wasokera, kapena kutseka makinawo n'kunamizira netiweki. Koma anatembenuza laputopu pang'ono kuti amayi aoneke, n'kunena m'Chingerezi kuti awa ndi amayi ake, abwera kudzapereka moni, poti kwathu mlendo sakhala m'nyumba osalonjeredwa.

Amayi sapereka moni wa chigulu. Anayamba ndi wa imvi uja, kumufunsa za moyo, za kunyumba, za ana. Atatha anapita kwa mayi wa magalasi, amene anasiya kulemba n'kukweza dzanja mwamanyazi. Kenako kwa bambo wachete uja. Aliyense amayi ankamudikira kuti ayankhe, mlongo wanga akumasulira uku ndi uku, thukuta likudontha kuchibwano. Atamaliza, ndinapuma ndikuyesa zatha. Pamenepo azakhali anasendera kutsogolo n'kuyambiranso pachiyambi.

"Gudu moningi sala. Gudu moningi madamu. Welokamu, welokamu. Noo poblemu."

Ine pakhomo ndinkagwedeza kamtengo kanga, kutuzula maso, kuloza kunja. Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha, diso lija ankandiyang'ana nalo m'tchalitchi ndili mwana, ndipo dzanja langa linatsika lokha. Azakhali anatuluka chafutambuyo. Ndinathokoza Mulungu msanga kwambiri, chifukwa anabweranso atanyamula tambala.

Amene sanakulire kwathu mwina sadziwa. Mlendo wolemekezeka sumangomuphikira nkhuku kuseri. Umabwera nayo yamoyo, aione, aigwire ndi manja ake, kenako ndiye ukaiphe. Tambala ameneyu anali wamkulu pakhomo pathu, wofiira, wamwano, amene anajomphapo ngakhale abusa. Amayi anamulandira, miyendo yake itamangidwa ndi kansalu, n'kumutambasulira ku laputopu ndi manja awiri.

Tambala anayang'ana mabwana, mabwana anayang'ana tambala. Amayi anangokhala chitambasulire, akudikira manja oti alandire, ndipo ndinkadziwa kuti akhoza kudikira mpaka mvula ya chaka chamawa. Mzungu wa imvi anayang'ana kumbali ngati akufuna womuthandiza. Ndiye bambo wachete uja, amene chiyambire anali asananene zambiri, anakweza manja ake onse awiri, kuwatambasulira ku galasi lake, n'kuweramitsa mutu.

"Ameneyu ndiye analeredwa," anatero amayi, mokhutira.

Sindidziwa chimene tambala anaona m'manja amenewo. Anakupiza mapiko, kupulumuka, n'kuulukira pa nsalu yoyera ija. Chingwe chinaduka. Nsalu inagwa, ndipo dziko lonse la ndege zikuluzikulu linaona madengu anga a usipa, njinga yopanda tayala, makala, ndi zovala zanga zija pamwamba penipeni ngati mbendera. Tambala anadumphira patebulo, beseni linapendekeka. Mlongo wanga anagwira laputopu ndi dzanja limodzi isanagwe, linalo anagwira tambala pakhosi, kumupanira m'khwapa, n'kupepesa kwa mabwana ndi mawu aja onenepa, osanjenjemera ngakhale pang'ono. Nthenga imodzi inamatirira pa tayi. Mayi wa magalasi anali atabisa nkhope kuseri kwa pepala, mapewa akugwedezeka.

Ndinalowa chowerama n'kulanda tambalayo. Ndinanong'oneza amayi kuti tiyeni. Anandikankha ndi chigongono.

"Sindinathe," anatero. "Mwana sapita kwa eni osamutula. Iwe womasulirawe, uwauze zimene ndinene, usadumphe."

Imeneyinso ndi ya kwathu. Ukamapereka mwana kuti akakhale kapena akagwire ntchito kwa anthu, umanena makhalidwe ake onse poyera, abwino ndi oipa, kuti mawa asadzati unawabisira. Mzungu uja anafunsa kuti amayi akuti chiyani, ndipo mlongo wanga anatseka maso kamphindi.

"Mwanayu m'bwato amasanza," anayamba amayi. "Bambo ake anali msodzi, anamuyesa kangapo, anamulephera. N'chifukwa chake anathawira kumwamba."

Ndinkayembekeza kuti mlongo wanga asintha, anene kuti amayi akuyamikira kampani yawo. Ndani akanadziwa? Koma anamasulira momwemo, kusanza ndi zonse. Mzungu uja anaseka mpaka kutsokomola.

"Akakhala ndi njala salankhula. Musamuyese wamwano, mungomupatsa chakudya. Ndi wouma mutu, akati apa sipali bwino sasuntha, ngakhale mumukalipire. Koma sanama. Akalakwa amabwera yekha kudzanena, ngakhale palibe anamuona."

Anamasulira, maso ali pansi. Mayi wa magalasi anayambanso kulemba, ndipo ine ndinaganiza kuti akulemba za kusanza zija.

"Chomaliza," anatero amayi. "Uwauze kuti mwana wangayu ndikuwabwereka. Sindikuwapatsa."

Apa mlongo wanga anachedwa. Anayamba, anakonza tayi, n'kuyambanso. Atanena, palibe anaseka. Bambo wachete uja anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Amayi anawomba m'manja, kutsanzika aliyense payekha, n'kutuluka ndi mawondo mpaka pakhomo, azakhali akutsatira ndi "fenkyu, fenkyu" wawo.

Kuchezako kunapitirira. Ndili panja, tambala m'khwapa, ndinkamva akumufunsa za nyengo, za mafuta, za chimene angachite injini itazima. Atamaliza anatuluka, kuvula tayi, n'kukhala pansi penipeni pa dothi ndi thalauza lake losita. Ine ndiye ndinanena za tonse awiri. Ndinawauza amayi kuti aphera mwana wawo tsogolo chifukwa cha moni, kuti anthu amenewo amafuna munthu wooneka wadongosolo osati wa nkhuku m'khwapa, kuti akadzakalambira m'kandege kaja asadzafunse chifukwa. Ndinalira ndi ukali. Amayi ankangososola tambala uja, poti nkhuku yoonetsedwa kwa alendo sibwereranso m'khola.

Pa chakudya anatenga nthutumba, imene kwathu imapita kwa mlendo wamkulu, n'kuiika m'mbale ya mlongo wanga.

"Uwadyere mabwana ako," anatero.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaidya, poti njala sidziwa mkwiyo.

Masabata anadutsa kuli zii. Mvula inatha, iye anabwerera ku kandege kake, ndipo pochoka anatsanzika amayi mwachidule, nkhope ili kumbali. Kandegeko kakadutsa amayi ankathamangabe ndi chitenje, koma ine ndinkadziwa kuti wam'mwambayo akadali ndi chotupa mumtima. Ndiye tsiku lina ndili pamsika ku Salima ndi madengu anga, foni inalira. Anali iye, akupuma ngati wathamanga. Anamuitana kunja ku mayeso achiwiri.

Kumeneko anamuika m'makina oyeserera kuuluka, kumuzimitsira injini dala, kumuponyera mphepo ndi mvula zabodza. Madokotala anamuyeza maso, mtima ndi magazi. Akuti atangolowa m'chipinda, mzungu wa imvi uja anamugwira chanza n'kufunsa kuti tambala ali bwanji, ndipo iye anayankha zoona, kuti tinadya. Ntchito anaipeza. Mpaka lero pakhomo pathu sitigwirizana chimene chinamulembetsa. Iye amati ndi maola ake ndi mayeso aja, ndipo ndikhulupirira akunena zoona. Amayi amati ndi tambala. Azakhali amati ndi Chingerezi chawo. Ine ndimati mwina anangomvera chisoni munthu wokhala ndi mlongo wa zovala zotere.

Tinaluluta, tinavina, anthu a mbuzi aja anabweranso kudzadya nawo. Ndinanyadira moti kwa mwezi wathunthu aliyense wogula usipa ankamva nkhaniyi, afune asafune. Palibe mwa ife anakumbukira kuti walira mvula walira matope.

Atakhazikika kunjako anatiimbira pa foni ya kanema, atavala jekete lakuda ndi chipewa, kumbuyo kwake kuli chindege chija cha pa kanema. Amayi anapukuta manja, kukhala bwino pamkeka, n'kumufunsa za moyo ngati mmene anafunsira mabwana aja. Kenako anafunsa chimene chinali pamtima.

"Ndiye udutsa liti kuno? Undiuziretu, ndichape chitenje."

Mlongo wanga anayang'ana kumbali. Anati njira zake sizidutsa kwathu. Anati ngakhale tsiku lina atadutsa, ndege imeneyi imauluka pamwamba pa mitambo, moti pansi sipaoneka munthu, ngakhale nyumba. Amayi anati, "Oho." Anamufunsa ngati akudya bwino, kenako anandipatsa foni n'kupita kukatembenuza usipa umene unali utatembenuzidwa kale.

Amabwera, sindikana, koma mwa apo ndi apo, ndipo amafika pa minibasi ngati wina aliyense. Denga analisintha, njinga ija ili ndi matayala onse. Kandege kaja kakadalipo, kakuyendetsedwa ndi munthu wina amene sitimudziwa, nayenso akusonkhanitsa maola ake. Kakangomveka, amayi amasiyabe usipa wanga, kumasula chitenje chofiira, n'kupita pabwalo. Sathamanganso ngati kale, mawondo anayamba kuvuta.

Tsiku lina ndinalephera kupirira. Akhwangwala anali atatera kale pathandala.

"Amayi, si iyetu ameneyo!"

"Ndikudziwa," anatero, osatsitsa dzanja. "Ukuyesa ndapenga? Ndinawauza anthu aja kuti ndawabwereka. Tsiku lodzamubweza, asadzapeze pabwalo palibe munthu."

Ndinatola kamtengo kanga n'kupita kukathamangitsa akhwangwala ndekha.